Tinkatsuka Gombe la Eni Ake

Anthu a kuno ku Nsadzo akandifunsa ntchito imene ndinkagwira ku Joni, ndimawauza kuti ndinkatsuka nyanja. Amaseka. Ena amanong'onezana kuti ndikubisa, mwina zaka zonsezo ndinali m'ndende. Sindikwiya nawo. Ine ndemwe ndisanapite, madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a Zambezi, ndipo sindikanakhulupirira kuti pali anthu amene amalemera sitima ikasweka panyanja. Mkwiyo wanga uli kwa anthu amenewo, ndipo sunathe mpaka lero.

Anandinyamula ndi a Domingu a ku Mualadzi. Anali aakulu kwa ine, aatali, a mapewa otambalala, ndipo akabwera kutchuthi ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Chaka chimenecho chimanga chinauma chisanamasule, ndipo kwathu tinali titayamba kale kudya kamodzi patsiku. Tinakumana kuparokiya Misa itatha. Anandigwira dzanja, n'kuliyang'ana, nati: "Bambo a Luwisa, manja amenewa mukungowawononga ndi khasu lopanda mvula. Kumene ndili ine amafuna anthu osaopa litsiro."

Ndinagulitsa mbuzi ndi njinga kuti ndipeze pasaporti ndi ya ulendo. Mkazi wanga Anastaziya sanandiletse, komanso sananene kuti pitani. Anangondikazingira nsawa n'kundiperekeza mpaka pamene timakwerera shapa, timinibasi ta kwathu kuno, mwana wathu Luwisa ali kumbuyo. Tinatsikira ku Tete, n'kukwera basi yodutsa ku Zimbabwe. Ndinafika miyendo itatupa, ndipo chinthu choyamba chimene ndinamva mu mzinda wa kudoko umene a Domingu ankagwirako ntchito ndi fungo la mchere wosakanikirana ndi dizilo.

Kampani yathu inali ndi bwalo kuseri kwa doko, lotchingidwa ndi waya. Tinkagona m'makontena achitsulo, otentha masana ngati uvuni wa njerwa. Munali Amalawi, anthu a ku Zimbabwe ndi ife a ku Mozambiki, ndipo pafupifupi tonse mapepala athu anali atatha kapena akutha. Patarau, mwini kampaniyo, ankadziwa zimenezo. Ndicho chifukwa chake ankatikonda. Kontratu yathu, pangano la ntchito, inali ya pakamwa: mafuta akatayika m'madzi mugwira ntchito ndipo mulipidwa, nyanja ikakhala yoyera mudzionera nokha. Choncho masabata ambiri tinkangokhala, ena kukatsuka magalimoto m'tauni, ena kukanyamula katundu kumsika, kwinaku tikudikira kuti wina apalamule.

Kapitawo wathu tinkamutcha Likhweru. Akalowa pageti mwakachetechete tinkadziwa kuti kulibe kanthu. Akalowa akuimba likhweru, ndiye kuti paipi yaphulika penapake kapena sitima yadontha padoko. Munthu wamkulu ndithu, wa ana ake, kusangalala kuti nyanja yaipitsidwa. Ndipo anatiika pamalo poti mimba zathunso zizisangalala naye.

Zaka zoyamba ntchito zinali zazing'ono. Tinkakoka zotchinga zoyandama, zonga mapaipi aatali a mphira, kuzungulira sitima yodontha kuti mafuta asamwazike. Tinkaponya nsalu zoyamwa mafuta n'kumazitola ndi ngowe. Nthawi zina ankatitsitsa m'mathanki a sitima kukapala zotsalira, mumdima, mmene munthu ukatuluka umayenda ngati woledzera. Ndikalandira ndinkatumiza kwathu kudzera kwa dalaivala wa lole amene ankapita ku Tete. Anastaziya anaumbitsa njerwa, kenako anagula malata pang'onopang'ono. Pafoni ankandiuza kuti anthu ayamba kumupatsa moni wina. Ine sindinkamuuza kuti zikhadabo zanga zasiya kumera bwino.

A Domingu ndiwo ankandisunga. Tinkaphika m'poto mmodzi. Lamlungu ankandidzutsa kuti tipite kutchalitchi cha kufupi ndi doko, ngakhale kuti Misa yake sitinkaimva bwino, ndipo pobwerera ankaimba nyimbo za kwathu mumsewu mopanda manyazi, anthu n'kumacheuka. Ndiwo anandiphunzitsa kupaka mafuta ophikira m'manja ndisanavale magolovesi, kuti phula lisakakamire pakhungu. Ndiwonso anandiphunzitsa kukhala chete apolisi akadutsa.

Kenako inadza ntchito yaikulu. Tsiku limenelo Likhweru sanangoimba likhweru, analowa akuthamanga. Sitima yonyamula katundu inali itagunda miyala kutali ndi mzinda, n'kung'ambika mimba, mafuta ake oyendera onse akukhuthukira m'madzi. Patarau anabwera yekha kubwalo, zimene sankachita, atanyamula nyama yoti tiwotche. Anatigwira mapewa mmodzimmodzi. Likhweru anatimasulira mawu ake: "Akuti chaka chino Mulungu watikumbukira."

Tinayenda pa lole tsiku lathunthu. Titafika ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Mafunde sankachita thovu loyera. Ankabwera olemera, akuda, n'kugwa pamchenga mwaulesi ngati phala lapsa. Miyala yonse inali itavala phula. Nkhanu zinali mbwee, zina zikuyendabe. Fungo lake linkalowa m'mutu n'kukhala kuseri kwa maso.

Anatipatsa mafosholo, ndowa ndi matumba. Ntchito inali kupala mchenga wakuda, kuthira m'matumba, kunyamula kukaika pamulu. Ukayeretsa malo m'mawa, madzi akadzadza madzulo ankabweretsa mafuta ena, mawa n'kuyambiranso pomwepo. Tsiku lina ndinadandaula kwa Likhweru kuti bwanji osayamba atseka kaye kusitimako, m'malo moti tizipala malo amodzimodzi. Anandiyang'ana ngati mwana. "Iwe ukufuna ithe msanga? Ikatha udya chiyani? Pala."

Madzulo ake, tikuchotsa phula m'miyendo ndi dizilo, a Domingu anandifotokozera mmene ndalama za ntchito imeneyi zimayendera. Iwo anali atagwirapo ina yotere kale.

"Mwini sitima satulutsa kanthu m'thumba mwake," anatero. "Amalipira ndi a seguru, amene kuno amati inshuwalansi. Iwowo amalemba kampani yaikulu ya kunja, ija ya azungu ovala zipewa zoyera. Kampani yaikuluyo ili ndi mabwato ndi makina, koma ilibe manja. Ndiye imalemba kampani ya m'dziko muno. Ya m'dziko munoyo imalemba patarau wathu. Patarau amatuma Likhweru. Aliyense mwa amenewa amabudulako yake, ndipo amabudula ndi dzanja lalikulu. Inu ndi ine tili kumapeto."

"Nanga amawerengera bwanji?"

"Amawerengera mitu ndi masiku. Mutu wanu uli ndi mtengo wake patsiku, ndipo mukanaumva mtengowo simukanagona. Magolovesi anuwo ali ndi mtengo. Chophimba kukamwa chili ndi mtengo, ndipo a seguru amalipira chatsopano tsiku lililonse."

Ndinayang'ana changa. Ndinali nditachivala sabata yonse, chitada mkati ndi kunja, chingwe chake nditalumikiza ndi ulusi wa thumba.

"Ndiye zatsopanozo zili kuti?"

"Zili mu lole, m'makatoni osatsegula. Zidzagulitsidwanso pa ngozi ina."

Sindinachedwe kuona ndi maso anga. M'mawa wina Likhweru anatsegula lole ija n'kutigawira aliyense fatumakaku yoyera, chovala chija chantchito cholowa thupi lonse, pamodzi ndi magolovesi ndi zophimba kukamwa zatsopano. Kenako kunafika galimoto itadzaza amuna amene sitinawaonepo, otoledwa pamsewu m'tauni yapafupi. Anawaveka nawonso, n'kuwagwiritsa mafosholo. Dzuwa litakwera anabwera munthu wa seguru, mzungu wachikulire wa nkhope yofatsa, ndi anthu ojambula zithunzi. Anayenda pamzere akutiwerenga, n'kumagwedeza mutu mokhutira. Anandifunsa m'Chingerezi ngati amatisamala bwino. Ndinali nditamva funsolo, koma Likhweru anayankha ndisanatsegule pakamwa. Galimoto yawo itangokhota, amuna a pamsewu aja anavulidwa, n'kupatsidwa ya buledi, n'kubwezedwa kwawo. Ifenso anatilanda zoyera zija, n'kuzipinda bwinobwino. Tinabwerera m'nsanza zathu zakuda.

Chapafupi ndi pamene tinkagona anamanga tenti yaikulu yotsukiramo mbalame za m'nyanja zimene zinamira m'mafuta. Munali madzi ofunda, sopo wabwino, matawulo, nyali zotenthetsa, ndi dokotala wa zinyama. Ine mbalamezo sindinkadana nazo. Sizinalakwe kanthu, ndipo anthu ankazitsukawo ambiri anali odzipereka, ena ankalira mbalame ikafa m'manja mwawo. Koma tsiku lina ndinapita kukapempha ndowa imodzi ya madzi ofunda kuti a Domingu asambe, chifukwa khungu lawo linali litayamba kusupuka ndi dizilo. Mlonda wa kampani anandibweza pakhomo. Anati madziwo ali pa bajeti ya mbalame. Ojambula zithunzi ankakhala m'tenti imeneyo tsiku lonse. Kuseri kwa lole, kumene amuna ankadzikhula ndi dizilo ndi mchenga, sanafikeko.

Gombe lija linali ndi mbali ziwiri. Kumtunda kunali mahotela ndi nyumba za anthu olemera. Kumunsi, kumene mtsinje umathira m'nyanja, kunali mudzi wa asodzi, ndi matope amene amayi ankatolamo nkhanu ndi nkhono zogulitsa. Ife tonse anatiunjika kumahotela. Kumeneko tinapala mchenga mpaka kuusefa, ndipo miyala tinaitsuka umodziumodzi ndi mipope ya madzi otentha osakaniza ndi mankhwala osungunula mafuta. Eni mahotela anali ndi maloya, ndipo tsiku lililonse limene alendo sanabwere linali mlandu kwa a seguru. Asodzi analibe loya. Nsomba zawo ankagulitsa pamanja popanda pepala lililonse, ndiye kwa a seguru zinali ngati sanataye kanthu.

Mpope wa madzi otentha uja ankaugwira ndi a Domingu. Unkafuna munthu wamphamvu, chifukwa umakankha ngati ng'ombe, ndipo wougwira ankawonjezeredwa pang'ono. Iwo anali ndi mwana wamkazi amene ankaphunzira za unamwino ku Tete, ndiye anaupempha okha. Tsiku lonse ankaima mkati mwa nthunzi ya mafuta ndi mankhwala, atamanga kansalu kakuda kaja kukamwa. Poyamba ankangotsokomola m'mawa. Kenako anasiya kuimba. Ine ndinazindikira Lamlungu lina pamene tinakhala pamwala kupemphera awiriwiri: anayamba nyimbo, n'kuima pakati pa mzere woyamba, akufunafuna mpweya.

"Achimwene, usiyeni mpopewo," ndinawauza. "Agwireko wina."

"Winayo ali ndi chifuwa chachitsulo? Mwana watsala pang'ono kumaliza. Ndipirira."

Ndinapita kwa Likhweru kukapempha chophimba chenicheni, cha mphira chokhala ndi zosefera m'mbali, chonga chimene azungu a kampani yaikulu ankavala akangoyandikira malo amenewo. Anandiuza kuti zimenezo n'zodula, ndipo sizinalembedwe pa ntchito ya patarau wathu. Ndinati nanga za m'makatoni zija. Anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu: "Pasaporti yako inatha liti? Ukufuna ndikufunsire kwa apolisi?"

Ndinabwerera ku fosholo yanga.

Tsiku limene a Domingu analavula magazi, anawatengera kwa namwino wa kampani. Sanawapime n'komwe pachifuwa. Anawafunsa kumene amachokera, ndipo atamva kuti ku Mozambiki analemba kuti ndi chifuwa chachikulu chimene anabwera nacho. Anawafunsanso ngati amasuta. Munthu amene sanagwirepo fodya moyo wake wonse. Anawapatsa mapiritsi a mutu n'kuwauza kuti akapume. Kupuma kunatanthauza kuti mutu wawo sulinso pa malipiro. Koma pamene munthu wa seguru anabweranso, Likhweru anawadzutsa pamphasa, n'kuwaveka zoyera, n'kuwaimika pamzere. Ndinawagwirira kumbuyo ndi dzanja kuti asagwe. Kampani inadya tsiku limenelo m'dzina lawo.

Ntchito inatha mwadzidzidzi, ngati mmene magetsi amazimira. Tinamva kuti ndalama zimene a seguru anavomera kutulutsa zafika pamapeto, ndipo akuluakulu agwirizana kuti gombe layera mokwanira. Mahotela anali atatsegula. Kumudzi wa asodzi tinali tisanapondeko. Anatitumako kwa masiku otsiriza okha, osati ndi matumba, koma ndi mafosholo basi. Lamulo linali lakuti titembenuze: mchenga wakuda pansi, woyera pamwamba, kuti oyendera akadutsa pa bwato aone zoyera.

Tikugwira zimenezo anatulukira mayi wina wachikulire wa m'mudzimo, atanyamula ndowa yopanda kanthu. Anaima n'kumationerera. Kenako anagwada, n'kukumba ndi dzanja pamene ndinali nditangokwirira, n'kutulutsa chibuma cha phula. Anandionetsa pamaso. Chizulu ndinali nditachidziwa mokwanira kumva zimene ananena.

"Mwana wanga, kwanu mumalima?"

"Timalima, amayi."

"Munthu atathira izi m'munda mwako n'kukwirira, unganene kuti wakutsukira?"

Anandipaka phulalo pachifuwa, pa malaya, osati mwankhanza, koma pang'onopang'ono ngati akupukuta dzanja pa chiguduli. Kenako anatola ndowa yake n'kumapita. Likhweru anaseka. Ndinaponya fosholo pansi ndipo sindinaitolenso. Anandidula malipiro a masiku amenewo, ndipo anzanga anamaliza kukwirira popanda ine.

Titabwerera kubwalo la kudoko, a Domingu sankathanso kuyenda kuchoka pakontena kufika pampope wa madzi osapumira. Ndinawatengera kuchipatala cha boma. Kumeneko anawajambula n'kunena kuti si chifuwa chachikulu, mapapo ndi amene apsa, ndipo anafunsa kuti ankagwira ntchito yanji. Dokotala anati kampani iyenera kuyankhapo. Ndinapita ku ofesi ya patarau. Ndinadikira panja mpaka anatuluka, ndipo ndinaima kutsogolo kwa galimoto yake yatsopano, imene inali isanaikidwe n'komwe nambala.

Ndinalankhula Chingerezi changa chothyokathyoka. Ndinati munthu uja wakugwirirani ntchito zaka zambiri, wapsa mapapo ndi mpope wanu, muthandizeni. Patarau anandimvetsera mpaka kumapeto, sanakalipe. Kenako anati kampani yake ilibe wantchito dzina lake Domingu. Anati anthu onse amabwera ndi Likhweru, ndiye ndikafunse Likhweru. Likhweru anati iye ndi wongotumidwa, ndikafunse kampani ya m'dziko muno imene inapereka ntchito. Kumeneko sanandilole kudutsa pageti. Kampani yaikulu ya kunja inali itapakira makina ake n'kupita kudziko lina kumene kunasweka sitima ina. Pa tsiku lowerenga mitu onsewa ankamudziwa munthu ameneyu. Pa tsiku la matenda panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo.

Anzathu a m'makontena ndiwo anasonkha. Amalawi, a ku Zimbabwe, aliyense kangachepe kake, mpaka inakwana ya basi ya anthu awiri. A Domingu anandiuza kuti, "Bambo a Luwisa, ndinakutengani ndine kwanu. Tsopano munditenge ndinu. Sindifuna kukwiriridwa ndi anthu odziwa kukwirira awa." Anafuna kuseka, koma chifuwa chinawatsekereza.

Ulendo umenewo sindikonda kuukumbukira. A Domingu anakhala cha kuwindo, atatsamira phewa langa, ndipo paliponse pamene basi yaima ndinkawanyamula potsika. Pamalire apolisi anatilipiritsa chifukwa cha mapasaporti otha, ndipo zimene ndinasungira Anastaziya zinathera pamenepo. Ku Tete mwana wawo uja anatichingamira atavala yunifomu ya kusukulu ya unamwino. Atawaona bambo ake anaima chilili, chifukwa anali ataphunzira kale zokwanira kudziwa zimene akuona. Kuchokera pamsewu waukulu kukafika ku Mualadzi tinawakweza pa njinga, mmodzi akukankha, wina atawagwira.

Kwathu ndinapeza nyumba ya njerwa yofoleredwa mbali imodzi, ndi mwana amene anathawira kuseri kwa amayi ake atandiona. Luwisa anali atayamba sukulu, ndipo kwa masabata angapo ankanditcha "alendo aja". Anastaziya anali atasintha. Anali atazolowera kugamula yekha za munda, za mbewu, za ganyu, ndipo ndikanena kanthu ankandimvera mwaulemu kenako n'kuchita zimene anakonza kale. Sindinamutsutse, chifukwa zake zinkayenda. Usiku woyamba anandigwira manja, n'kuona zikhadabo ndi mabala. M'mawa mwake anakandigulira sopo ndi mafuta odzola.

Abale ndiwo anandivuta. Ankabwera mmodzimmodzi kudzandilonjera, maso ali pa chikwama. Mlamu wanga Zakariya, mlongo wake wamng'ono wa Anastaziya, amene ndinamusiya ali mnyamata, tsopano anali ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo munda wake unali wa miyala. Iyeyo sankakhulupirira kuti ndabwera chimanjamanja. Ndinamufotokozera zonse, za mitu, za makatoni, za mpope. Anamvetsera, kenako anati, "Komabe alamu, malata awa anachokera komweko." Ndipo sankanama.

A Domingu anakhala miyezi ingapo. Ndinkapita kukawaona pa njinga yobwereka. Ankakhala pakhonde atatsamira khoma, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Akwaya a kuparokiya ankabwera kudzawaimbira, iwo n'kumangoyendetsa chala potsata nyimbo. Akazi awo anandifunsa kamodzi kokha, tili awiri kuseri kwa nkhokwe: "Kodi kampaniyo idzatumiza kanthu? Akuti munthu akavulala pantchito amapereka." Ndinawauza zoona, kuti palibe chimene chidzabwere. Anagwedeza mutu n'kubwerera kukapeta chimanga. A Domingu anamwalira mvula yoyamba itangogwa, ndipo tinawaika m'manda a kwawo, padiri, wansembe wa kuparokiya, atabwera pa njinga yamoto.

Patapita masabata ochepa, ndili kumunda ndi Zakariya tikupalira, foni yanga inalira. Nambala inali ya ku Joni. Anali Likhweru, mawu ake osangalala ngati tinasiyana dzulo.

"Uli kuti? Kwasweka ina, yaikulu kuposa ija. Patarau akuti zakale ziiwalike, ubwere. Ubwerenso ndi mdala uja, palibe amene amagwira mpope ngati iye."

"A Domingu tinaika," ndinatero.

"Pepani kwambiri. Anali munthu wabwino." Kenako anati, "Ndiye upeze wina wamphamvu ngati iye. Ukabwera ndi anthu, pamutu uliwonse udzalandirapo kanthu."

Ndinamutukwana. Ndinamutukwana m'Chizulu, Chizulu chitandithera ndinapitiriza m'Chinyanja, mawu amene sindinawatchulepo chibatizidwire. Ndinamuuza kuti akauze patarau wake kuti kwathu kuno ku Chifunde kulibe mitu yogulitsa. Sindikudziwa kuti anadula liti, chifukwa ndinapitiriza kulankhula foni itazima kale.

Nditacheuka ndinapeza Zakariya atatsamira khasu, akundiyang'ana. Anali atamva zonse. Ndinkaganiza kuti anena za a Domingu, popeza iyenso ananyamula nawo bokosi.

"Alamu," anatero, "mundipatseko nambalayo."

Ndinakana. Ndinafufuta nambalayo iye akuona. Madzulo ndinapita kwa apongozi, ndinapita kwa mkazi wake, ndinapita ngakhale kwa padiri kuti amulankhule. Zakariya sanakangane ndi aliyense. Anagulitsa nkhumba yake, n'kukafunsa nambala kwa anthu a ku Mualadzi amene ali ndi abale kudoko kuja, ndipo chimanga chisanafike m'chiuno anali atapita.

Mwezi watha anaimbira foni mlongo wake. Anastaziya anaika mawu pamwamba kuti tonse timve. Zakariya anati ntchito ilipo yambiri, nyanja yada mtunda wautali, ndipo atumiza ya malata posachedwa. Anatinso kapitawo wamukonda chifukwa cha mphamvu zake, moti wamupatsa ntchito yowonjezera malipiro, yogwira mpope. Anastaziya anandipatsa foni kuti ndilankhule naye. Ndinamuuza kuti ausiye lero lomwe, agwire fosholo, anyamule matumba, achite china chilichonse. Anaseka, nati alamu musade nkhawa, ine chifuwa changa n'cholimba. Kenako ndalama za mufoni zinamuthera.